Mabvuto Anathawira Pansi pa Mlatho

Tsiku limenelo ndodo yoyezera inagwera ine. Palibe ankaifuna ntchito imeneyo. Umangoima padzuwa ngati chitsa, anzako akusuzumira m'makina.

Tinali m'chaka chomaliza cha uinjiniya wa misewu ndi milatho. Anatitumiza kukayeza mlatho wina pamsewu wopita kum'mawa. Katswiri wathu anali mnzanga Mabvuto wa ku komboni ya Kanyama. Masamu a konkire ankangowatafuna ngati mtedza. Cholinga chake chinali chimodzi: kukumba ngalande ku Kanyama, kuti amayi ake aleke kugona patebulo madzi akalowa m'nyumba.

Anzanga ananditumiza patali, m'mphepete mwa munda wa chimanga. Ndinapita ndikung'ung'udza.

Ndege zinatulukira kum'mwera, zikuuluka motsika. Tonse tinadziwa kuti ndi za azungu a ku Rhodesia. Azimayi amene ankachapa anasiya zovala pamiyala n'kuthawira kutchire.

Anzanga sanathawire kutchire. Anali atawerengera okha katundu amene mlathowo ungasenze. Ankadziwa kuti m'dera lonselo munalibe denga lolimba kuposa limenelo.

Mabvuto anandikuwira: "Chanda, bwela kuno iwe! Pansi apa ni polimba!"

Ndinayamba kuthamangira komweko. Kunali kutali.

M'kalasi anatiphunzitsa pamene pagona mphamvu ya mlatho. Sanatiuze kuti eni ndegezo anaphunziranso zomwezo.

Nditatsitsimuka, makutu anali atagontha. M'kamwa munali fumbi la simenti. Mabomba anali atagwa, mlatho unali utakhala pansi, anzanga onse ali kunsi kwake.

Ndinayenda m'tchire ndi anthu osawadziwa. Ndodo ija inali idakali m'manja mwanga. Nkhalamba ina inaipempha kuti iziyendera, ndinaipatsa. Lole ya makala inatinyamula mpaka m'tauni.

Ndinafika kwathu ku Matero. Atate anagwada n'kundivula nsapato.

Kutacha ndinapita ku Kanyama. Mvula inali itagwa. Amayi a Mabvuto ndinawapeza akukapa madzi m'nyumba ndi beseni. Sanandiyang'ane kumaso, anayang'ana kumbuyo kwanga.

"Nanga mnzako wamusiya kuti?"

Ndinawalanda beseni lija n'kuyamba kukapa.

Pa tsiku lolandira madigiri, mkulu wina wa chipani analankhula mpaka kutuluka thovu kukamwa. Anati injiniya woona amateteza miyoyo ya anthu ndipo amamanga dziko. Tinaomba m'manja, chifukwa masiku amenewo wosaomba ankaonekera. Za anzathu aja sanatchule.

Mlatho uja unamangidwanso msanga, chifukwa malole a katundu ankadikira. Ngalande za ku Kanyama panalibe wamkulu amene ankazidikira. Zimandiwawa mpaka lero.

Ine ndinatsala, ndipo ndamanga milatho yambiri yolimba. Amayi a Mabvuto anakalamba akugonabe patebulo nthawi ya mvula.