Firiwilo pa Njinga ya Tiwonge

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha tcheni chomwe chinaduka. Fodya atatikana kwathu kumalire a Kasungu, ndinapita kukakhala kwa amalume pa Mzimba Boma, ndikumawalandira kabaza akatopa. Tsiku lina tcheni chinandidukira pafupi ndi msika. Ndinakhala pansi, n'kukhomola pini ndi msomali ndi mwala, ndikulumikiza. A Shaba, omwe ankakonza njinga pa kashedi ka malata chapomwepo, anandiyang'ana mpaka nditamaliza.

"Mawa ubwere," anatero. "Kweni mwalawo uusiye kwanu, kuno kuli hamala."

Miyezi isanu ndinaphunzira kumata machubu, kumanga masipoko kuti limu lisamavine, kutsuka habu ndi palafini n'kuikamo girisi watsopano. Njinga za kabaza zimafanana matenda: tcheni chikayamba kudumpha, ndiye kuti mano a giya wakumbuyo atha, umangochotsa n'kuika firiwilo yatsopano, giya uja amalola tayala kuzungulira palokha ukasiya kupalasa. Ndinazichita kambirimbiri mpaka manja ankangogwira okha. Kunena zoona ndinayamba kudzimva, ndinkaona ngati palibe njinga ingandivute.

Lachisanu lina a Shaba anapita ku maliro ku Edingeni, n'kundisiyira shedi. Chakummawa kunabwera mayi wina, anyaMoyo, akukankha njinga ya matayala atatu, yopalasa ndi manja. Pampando panali mwana wawo wamkazi, Tiwonge, wa zaka khumi ndi zitatu, miyendo yake yopanda mphamvu atayikuta ndi yunifolomu. Njinga zimenezi tcheni chake chimachokera pa zopalasira za manja n'kutsikira ku tayala lakutsogolo.

"Adada, tithandizeni," anatero mayiwo. "Tcheni chikudumpha chomene. Lolemba akuyamba mayeso a Sitandade 8. Ine kale ndinkamubereka, sono wakula, msana wanga wakana."

Tinamutsitsa Tiwonge n'kumukhazika pa benchi. Ndinayang'ana giya wa pa tayala: mano anali atasongoka ngati minga. Matenda omwe aja. Anali wolimba, wadzimbiri, wosazungulira payekha, ine n'kuganiza kuti wangouma chifukwa chosowa oyilo. Ndinaonanso kuti waya wa mabuleki unaduka kalekale, ndipo ndinati mumtima, ndiwauza abwerenso sabata yamawa.

Ndikutenga tchizulo, mwanayo anati chapansipansi, "Ine ndimayima ndi manja…"

"Khala chete, akulu akugwira ntchito," anamudula amayi ake. Ineyo ndinangomwetulira. Mafunso onse ndinkafunsa mayi, ngati kuti wokwera njingayo anali iwo. Ndi mmene tinakulira: pali wamkulu, mwana safunsidwa.

Giya uja anakana sipanala. Ndinamuthira palafini, n'kumumenya ndi tchizulo ndi hamala mpaka anang'aluka pakati. Ndinaika firiwilo yatsopano, ndinachotsa mfundo imodzi pa tcheni, n'kukunga. Nditazungulitsa, inalira bwino, tiki-tiki-tiki. Ndinanyadira.

Tinamukweza kuti ayese. Kuchokera pa shedi msewu umatsetsereka kulowera ku ngalande ya madzi a mvula. Tiwonge anapalasa katatu, njinga inanyamuka mopepuka, amayi ake anaombera m'manja. Kenako ndinamuona akugwira zopalasira mwamphamvu, akuzikokera kumbuyo. Zinangozungulira mphepo yokhayokha.

Pomwepo m'pamene ndinamvetsa. Giya uja sanaume ayi, anapangidwa dala wosazungulira payekha, kuti mwana akagwira zopalasira, tayala liyime. Ndiwo anali mabuleki ake. Ine ndinali nditawaswa ndi manja anga.

Ndinathamanga, koma njinga inali itanditaya. Tiwonge sanakuwe n'komwe. Tayala lakutsogolo linalowa m'ngalande, njinga n'kugudubuka. Titafika tinamupeza ali chafufumimba, chigongono chitasupuka, pamphumi pakutuluka magazi pang'ono. Dzanja lamanja, lolembera, linali bwino, ndipo ndinathokoza Mulungu mokweza ngati wamisala.

Koma njinga inali itatha. Foloko yogwira tayala lakutsogolo inathyoka chapakhosi, limu linapindika.

Masana onse ndinazungulira Boma ndi foloko m'manja. Firiwilo ikanatheka kuiwotcherera kuti ikhale yolimba, yosazungulira payokha ngati giya uja, foloko nayonso chimodzimodzi, koma magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, ndipo owotcherera anangokhala pa mabenchi akusewera bawo. Limu la saizi yaing'ono choncho munalibe m'sitolo iliyonse. Wina anati mwina ku Mzuzu, wina anati ndiyese ku Jenda. Ndinabwerera n'kuyesa kuliwongola ndi mawondo, masipoko atatu anaduka. Ndinakhala pansi pa fumbi, zida zonse zili pambali panga, palibe n'chimodzi chomwe chondithandiza. Ndinachita manyazi, ndinachita mantha, ndipo misozi ndinaibweza chifukwa cha anthu basi.

AnyaMoyo sanandinyoze. Bwenzi zili bwino akanandinyoza. Dzuwa litapendeka anavula chitenje chakunja, nagwada pafupi ndi benchi.

"Mbwenu kwera, mwana wanga," anatero.

Anadzuka kawiri konse asanaime bwino. Miyendo ya Tiwonge inkalendewera mpaka m'mawondo a amayi ake. Anadutsa pakati pa msika, anthu akuyang'ana, mtsikanayo atabisa nkhope pakhosi pa mayi. Kwawo unali mtunda woposa ola limodzi. Ndinawatsatira ndi njinga ya amalume kuti ndiwanyamule, koma pa kaliyala mwanayo sakanatha kudzigwira, ndipo pambuyo pa zomwe zinachitika ankaopa chilichonse cha matayala.

A Shaba anabwera Lamlungu. Anatola zidutswa ziwiri za giya uja, kuzilumikiza m'manja, n'kuziyang'ana nthawi yaitali.

"Unamufunsa mwiniwake kuti amayenda bwanji?"

"Ndinafunsa amayi ake."

"Amayi ake ndi amene amakwera?"

Anaika zidutswazo pansi n'kuyamba kufunsa komwe limu lingapezeke.

Limu linabwera pa minibasi patatha masiku asanu ndi anayi. Mayeso anali atatha. Masiku onse olemba, mayi uja anabereka mwana wake kupita kusukulu ndi kubwerera, ndipo pambuyo pake anagona sabata yathunthu osatha kuwerama. Tinawotcherera firiwilo ndi foloko, tinaika waya watsopano wa mabuleki, ndipo ndinaikankha ndekha njingayo mpaka kwawo.

Ndinamupeza Tiwonge atakhala pa mphasa pakhonde. Ulendo uno ndinanjuta pamaso pa iye, osati pa amayi ake, n'kumupempha andionetse mmene amayimira. Anagwira zopalasira, kuzikokera kumbuyo, tayala linagwira. Anayesa kachiwiri, kachitatu, nkhope ili gwa.

"Yewo," anatero. Kenako anandiyang'ana m'maso. "Tsiku lija ndimafuna kukuuzani. Koma inu mumalankhula ndi amama."

Lero ndili ndi shedi yangayanga ku Champhira. Njinga ikabwera, kaya ndi ya gogo kaya ya mwana wa zaka zisanu, sipanala imakhala kaye m'bokosi mpaka wokwerayo atandiuza yekha mmene amayendera ndi mmene amayimira. Makolo ena amadabwa, ena amamuyankhira mwana. Ine ndimangoti, "Pepani amayi, ndikufunsa mwiniwake."