A Joni Okonza Njinga

"Kodi kwanu basi imafika?" anandifunsa amake Taonga, aneba anga, tikudikira basi ku Ilford, kuno kutsidya kwa nyanja, mwana ali kumsana. Fungo la dizilo linandifikitsa kwathu ndisanayankhe.

Kwathu kunali kothera msewu wafumbi, kufupi ndi malire a Mozambiki. Kunali chigayo, mjigo ndi masitolo amene amwenye anasiya kalekale. Basi inkafika ikafuna, ndipo pobwerera inkanyamula azibambo. Itanyamula athu, amayi anangoti, "Apita ku Joni."

Ine Joni ndinkadziwa mmodzi yekha, a Joni okonza njinga pakhonde la sitolo. Ndinapita kukaima pafupi ndi beseni lawo loviikamo machubu.

"Mutibwezere ababa athu," ndinatero.

"Iwe mwana wa Nasibeko, bambo akowo ndawasunga pati, m'thumbamu?" Anaseka, kenako anaviika chubu m'beseni muja. "Mwana wanganso ali komweko."

Ndinabwerera ndikulira, ndikuti akubisa dala.

Ndinadziwa nditakula kuti Joni ndi mzinda wa ku South Africa. Kumeneko kunatsalira bambo, amalume awiri ndi achimwene anga, ndipo amayi atamwalira, okumba manda tinachita kukapempha kumudzi wina.