Belu Lotola M'dzenje la Asilikali

Nkhondo ya Ajeremani itatha, asilikali anadutsa kufupi ndi mtsinje wa Katete pobwerera kwawo. Katundu wotha ntchito, mfuti zothyoka ndi zipolopolo za mizinga, anamukwirira m'dzenje n'kumapita. Mvula ya chaka chotsatira inafukula zonse.

Flora Nabanda anali mayi wa mwana mmodzi, Idah. Mwamuna wake Alick anasenzapo katundu wotereyu pa mtengatenga, ndipo anabwerako ndi chifuwa chimene chinamutenga chimanga chisanache. Ali pamphasa anamusiyira mawu awa: chipolopolo chachikulu chikakhala ndi chisoti chake kumutu, moto ukadali m'mimba mwake, sichifuna kugogoda.

Ndiye tsiku lina poperekeza Idah kusukulu ya mishoni, Flora anapeza aphunzitsi a Gilbert atapachika chimodzi pamkuyu, chisoti chili pompo, akuchimenya ngati belu ndi khasu lakutha. Ana anali ataunjikana pansi pake.

"Aphunzitsi, chimenecho n'chamoyo," anatero atagwada.

"Nabanda, chamoyo mzungu angataye? Anthu otola ndi msomali wopindika womwe aja? Tamvani kulira kwake, mpaka kumadimba."

Flora anapita kwa amalume ake, iwo anati za kusukulu n'za aphunzitsi. Akulu a mpingo anati mantha otere ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, ndipo mwana akaleka sukulu, za ubatizo aiwale. Kuchitsitsa yekha anaopa. Nanga chitamupulumuka?

M'mawa mwake anabwereranso. "Ndipatseni khasulo ndizimenya ine, aphunzitsi. Inu ntchito zakuchulukirani."

A Gilbert anaseka. "Dzulo munkachiopa, lero mwachikonda? Tengani."

Kuyambira pamenepo Flora anakhala woimba belu wa mudziwo. Ankalawirira mwana aliyense asanatuluke m'nyumba, atamuuza Idah kuti asasunthe pakhomo mpaka amve kulira. Ankamenya katatu, mopepuka, maso atatseka, mumtima akufunsa kuti chikayankha lero mwanayo amulera ndani. Khasulo ankapita nalo kwawo, kuti wina asalikhudze. Anthu ankadandaula kuti belu la Nabanda limalira ngati lodwala.

Kupitirira apo analibe chochita. Ana akafika, ankaima kuseri kwa nkhokwe ya aphunzitsi n'kumaona Idah akukhala pansi pa mkuyu, akulemba a, e, i ndi chala m'fumbi. Pamwamba pake chitsulo chija chinkagwedezeka pang'onopang'ono ndi mphepo, pa luzi limene chiswe chinali chitayamba kale kulawa.