Galimoto Yosalira ya Agogo a Jere

Ndikakumbukira agogo a Jere, ndimamva fungo la girizi ndi oyilo wakuda, fungo lomwe linkakanirira m'malaya awo, m'mabulangete, ngakhale pa mtedza umene ankatipatsa pamanja. Pabwalo pathu ku Mavwere panali galimoto imene anagula ku Chipata atasiya kuyendetsa malole a pa boda. Inabwera chokokedwa, anaikhazika pa njerwa, n'kuyamba kuimasula. Kumasula ankadziwa ndithu, kubwezeretsa ndiko kunkadikira mawa. Injini inkagona kuchipinda kwawo itafunda chitenje, mpando unasanduka wa alendo pakhonde, zitseko zinatchinga khola la mbuzi, ndipo ife adzukulu tinkakhalira kutsuka mabawuti m'parafini anzathu akusewera fulaye.

Chaka china fodya anachita bwino, panafunika chigafa chatsopano chopachikamo masamba, ndipo malo abwino anali pomwe panali galimotopo. Agogo aakazi, aNaphiri, eni ake mudziwo, sanazungulire.

"A Jere, chitsulo chanuchi chichoke Loweruka lisanathe. Apo ayi, ndiitana anyamata ogula zitsulo zakutha aja achiphwanye ndi nyundo."

"Yangotsala pang'ono kulira, aNaphiri."

"Ikalirire uko, kuseri kwa nkhokwe."

Kuseri kwa nkhokweko munthu akanatha kuponyako chitsononkho, koma tinathera tsiku lathunthu. Choyamba, matayala akutsogolo panalibe. Agogo anali atabwereketsa a Zulu, oyandikana nafe, omwe anawaika ku ngolo yawo, ndipo m'mawa umenewo ngoloyo inali kudimba. Tinaidikira mpaka dzuwa paliwombo. Matayala atabwerera pagalimoto, a Zulu anati popeza ng'ombe zawo zangokhala, zingoikoka nkhani ithe. Agogo anafufuma ngati atukwanidwa.

"Ine ndinayendetsa lole mpaka ku Lusaka! Galimoto yanga ikokedwe ndi ng'ombe, anthu akuona?"

Basi, anasonkhanitsa azibambo a m'mudzi kuti akankhe. Ine, poti ndinali wopepuka, anandikhazika pa chidebe mkatimo n'kundigwiritsa chiwongolero. Nkhuku zomwe zinkaikira mazira mmenemo zinatuluka zikutetera, fumbi ndi nthenga zili m'mphuno mwanga.

"Tadala, ndikati kumanja, upotoze kumanja. Usaope, mdzukulu wanga."

Anakankha, zitsulo zinalira, galimoto n'kuyamba kutsetsereka yokha, pakuti bwalo lathu linali lopendekera.

"Kumanja! Kumanja, mwana iwe!" agogo anakuwa akuthamanga m'mbuyo.

Ndinapotoza ndi mphamvu zanga zonse, koma chiwongolero chinkangozungulira ngati gudumu la njinga yoimikidwa chadodolido. Chitsulo cholumikiza chiwongolero ndi matayala agogo anachimasula kalekale n'kuiwala, moti agogo aakazi ankachirikizira nacho chitseko cha kukhitchini.

"Ponda buleki!"

Ndinaponda, phazi langa n'kutulukira pabowo la pansi. Nkhokwe ndinaiphonya pang'onong'ono, azibambo aja atatsala m'mbuyo manja ali kumutu, ndipo galimoto inakaima tayala limodzi litatitimira m'matope, mimba yake ili pamwamba pa dzenje lomwe tinakumbamo dothi la njerwa.

Ndinatuluka ndikulira, mlomo ukuchucha magazi. Agogo anafika ali wefuwefu, anandiyang'ana pamlomo mwachidule, kenako anatsikira m'dzenjemo n'kuyang'ana m'mwamba, kunsi kwa galimoto yawo. Nkhope yawo inawala.

"Eya! Apa mpomwe ndimafuna. Kugalaja dzenje lotere amachita kukumba dala. Tsopano ndiimaliza msanga."

Ndinakwiya mpaka misozi inauma. Agogo aakazi anangonditsuka bala ndi madzi amchere mwaukali ngati wolakwa ndine. A Zulu anamasula matayala aja madzulo omwewo, galimoto n'kubwerera pa njerwa. Komabe malo aja anali atapezeka, chigafa chinamangidwa, ndipo ogula zitsulo sanaitanidwe.

Agogo a Jere anamwalira galimotoyo isanalire. Maliro atatha ogula zitsulo anabwera okha, ndipo agogo aakazi omwe aja anawathamangitsa ndi tsache.

Lero malowo ndi anga. Amuna anga chaka chilichonse amandiuza kuti pomwe pali galimotopo pakanakhala khola la nkhumba, ndipo amanena zoona. Chigalimotocho ndimadana nacho. Ndikachiona chili dzimbiri mbuu, udzu utamera mkati, ndimakhudza chipsera cha pamlomo panga n'kutsonya. Koma amuna angawo akangotchula zochigulitsa, ndimadzimva ndikuyankha, ndikudzikwiyira ndekha, kuti, "Chisiyeni, eni ake sanamalize."