Adokotala Amene Sanandiyang'ane M'diso

Diso langa lakumanzere linafa chifukwa cha ulesi wa munthu mmodzi wovala zoyera. Nthawi ya chipani chimodzi sukanayerekeza kudandaula. Lero ndinena.

Ndinali telala pakhonde la sitolo pa Ntaja. Miyezi isanu ndikutsegula m'mimba, chimbudzi chamafutamafuta, thupi kutha. Kenako maso anayamba kuuma ngati mwalowa mchenga. Dzuwa likangolowa ndinkagunda mitengo popita kumzikiti. Ulusi pasingano ankandilowetsera mkazi wanga, Abiti Saidi.

Lachiwiri lina tinafika pakachipatala ka kwathu sikisi koloko m'mawa. Pachipata anyamata achipani anafuna makhadi. Tinaonetsa. Adokotala anatulukira teni koloko, akutokosa m'mano.

Nditayamba kufotokoza za m'mimba, anandidula.

"Mwabwerera maso kapena mimba? Sankhani chimodzi, anthu ndi ambiri."

Sankhani! Kodi mimba ndi maso zili pa anthu awiri?

Disolo sanaliyang'ane n'komwe. Anati ndi fumbi la nsalu, n'kundiponyera kachubu ka mankhwala opaka. Patatha milungu itatu ndinabwerera, kadontho koyera katamera padiso. Anaseka, amvekere anthu akumudzi simusamba kumaso. Ine, wosamba kasanu patsiku ndisanaswali!

Ulendo wachitatu Abiti Saidi anachita kugwada.

"Chonde adokotala, tilembereni kalata tipite kuchipatala chachikulu."

"Mayi, udokotala munauphunzira kuti?" Basi, anaitana wina.

Alamu anga anatipezera malo pa lole ya mpunga mpaka ku Balaka, kuchipatala cha mishoni. Sisitere wina anandikweza chikope, n'kufunsa, "Bambo, m'mimba muli bwanji?" Misozi inangotsika. Anandifotokozera kuti matumbo anga sankatenganso vitamini A m'chakudya, ndiye maso ankauma ndi njala. Anandibaya jekeseni, n'kundipatsa timakapusozi ndi mankhwala a m'mimba.

"Mukanabwera mwezi wathawu, maso onse awiri akanapulumuka," anatero.

Lakumanja linachira. Lakumanzere linayera mpaka lero. Makina ndinawasiyira mphwanga, poti msoko unkangokhota.

Anzanga, mukamatsegula m'mimba osasiya, maso n'kuyamba kuuma, musakhutire ndi kachubu. Pitani kwina msanga.

Dokotala wa kwathu uja ndinamva kuti anamukweza pantchito. Ngati akali moyo andiyankhe: kukweza chikope cha munthu kukanamudyera mphindi zingati?