Mizere ya Magazi a Bambo Anga

Ndinkagwira ntchito m'labotale ya chipatala china ku Salima pamene kunabwera dokotala wachizungu wofuna magazi a anthu a m'mbali mwa nyanja. Odwala analibe nawo ntchito. Ankafuna mabanja athunthu, bambo, mayi ndi ana, kuti aone mmene tinthu tina ta m'magazi, timene ankatitcha maenzaimu, timasiyanirana pakati pa anthu ndiponso mmene mwana amatitengera kwa makolo ake.

Ntchitoyo ndinaigwira msanga, ndipo ndinayamba kudzimva. Tinkaphika sitachi n'kumuthira m'thireyi, akazizira ankalimba ngati phala logona. Tinkadontheza magazi kumapeto kwake n'kulumikiza magetsi. Magetsiwo ankakoka tinthu tija, tina n'kuthamanga, tina n'kutsalira. Kenako tinkathirapo madzi otengedwa m'magazi a mbuzi, okhala ndi asilikali a m'thupi ogwira enzaimu yokhayo imene tinkaifuna, ndipo mizere inkaonekera. Lamulo lake linali losavuta: mwana amatenga mzere umodzi kwa bambo, wina kwa mayi.

Titafika kumudzi kwathu, kufupi ndi Chipoka, anthu anakana. Masiku amenewo nkhani ya magazi inkanong'onedwa mwamantha, ati amakagulitsidwa kunja. Tcheyamani wa chipani anaopseza kuti wokana ndiye kuti akunyoza boma, koma palibe amene anasuntha. Bambo anga, msodzi wosayankhulayankhula, ndiwo anaimirira n'kupinda malaya.

"Wobayayu ndi mwana wanga," anatero. "Magazi angawa ndi ake omwe. Angawagulitse bwanji?"

Amayi anatsatira, ine ndinaperekanso anga, kenako mudzi wonse unaima pamzere.

Patapita masiku atatu zotsatira zinatuluka. Amayi anali ndi mizere yonse iwiri. Bambo anali ndi wotsalira wokhawokha, ine wothamanga wokhawokha. Mwa ine munalibe chochokera kwa iwo. Ndinati mwina ndasokoneza mabotolo, ndinaphika sitachi wina. Ndinabwereza katatu, koma mizere sinasunthe. Dokotala anayang'ana, nalemba mtanda pa nambala ya banja lathu. Anati zimachitika kulikonse, n'kupita kukamwa tiyi. Ndinamuda munthu ameneyo.

Ndikanangotseka pakamwa. Koma ine ndi wa mtima wapachala, ndipo sukulu inali itandisandutsa woweruza. Loweruka ndinapita kumudzi, ndinapeza amayi akuyanika usipa pathandala. Moni sindinapereke.

"Amayi, bambo anga ndani?"

"Tsitsa mawu, iwe."

"Sinditsitsa. Magazi sanama. Munayenda ndi ndani?"

Anapukuta manja pachitenje, nandiyang'ana mpaka ndinaona pansi.

"Tinakhala zaka zisanu opanda mwana," anatero. "Abale anga ankafuna kuwathamangitsa bambo ako pamudzi pano. Bambo akowo ndiwo anakagwada kwa akuluakulu kuti m'nyumba mulowe fisi, mwamuna wobwera mobisa kudzapereka mimba. Iwo anakwera bwato kupita kuchilumba cha Mbenji, anakakhalako mwezi wathunthu. Utabadwa anakunyamula asanakunyamule wina aliyense. Ndiye lero ubwere ndi magetsi akowo kudzandiyesa wachiwerewere?"

Sindinadziwe kuti bambo anali kuseri kwa mpanda wa bango, akusoka ukonde. Anatulukira pang'onopang'ono, chingwe chili m'manja.

"Makina akowo auza anthu angati?" anafunsa.

"Dokotala yekha, bambo."

Anagwedeza mutu. "Onse amene ankadziwa ndinawaika m'manda. Ndinkayesa zinatha."

Anabwerera ku ukonde wawo. Ndinagwada pamchenga, ndinapepesa, ndinalira ngati kamwana. Iwo anati palibe mlandu, ndipo ananena mwaulemu kwambiri.

Anakhalanso ndi moyo zaka zisanu ndi chimodzi. Ndikafika pakhomo ankanditulutsira mpando wa alendo, iwo n'kukhala pansi. Ankandipatsa moni ndi manja awiri, n'kuuza amayi kuti agwire nkhuku. Kale ankandituma kukatenga nkhafi ngakhale nditavala malaya oyera a kuchipatala, ndipo ndikachedwa ankanditcha waulesi pamaso pa anthu. Zonsezo zinatha. Tsiku lina ndinaponda dala ukonde wawo ndi nsapato, mpaka maso angapo anaduka, ndikuyembekezera kuti akalipe. Anadikira kuti ndichotse phazi, naukutumula mchenga, nayamba kusoka. Anamwalira asanandikalipirenso ngakhale kamodzi.