Abakha a Amayi Anawoloka Malire

Chaka changa chachiwiri ku yunivesite tinkaphunzira mbiri ya saikoloje, maphunziro ofufuza mmene maganizo a munthu amayendera. Kwathu ku Chiponde nkhaniyi inafika itapindika. Anthu ankati ndikuphunzira udokotala wa amisala, moti nditapita ku holide azimayi ena ankandipatsa moni ataima chapatali.

Aphunzitsi anali atatiuza za katswiri wina wakalekale wa kunja, amene ankaliza belu akamapatsa agalu chakudya, mpaka agaluwo anayamba kuchucha dovu pongomva belu, m'mbale mulibe kanthu. Anati pa holide aliyense akayese ndi chiweto chimene angapeze.

Kwathu ndife Asilamu, galu sitiweta. Nditangotchula za galu, amayi anati, "Astaghafirullah! Sukulu yake yomweyi?" Ndiye ndinatembenukira kwa abakha awo. Belu ndinapempha kwa amalume, amene amapalasa kabaza pakati pa msika ndi chipata cha malire. Anandimasulira la panjinga yawo yakale osafunsa zambiri.

M'mawa uliwonse ndinkaliza belulo, kenako n'kuwaza madeya. Vuto linali loti bakha sachucha dovu, kapena ngati amachucha ine sindinaone, ngakhale ndinkagwada n'kumawasuzumira kukamwa. Tsiku lina amayi anandipeza ndili chogwada choncho.

"Mwananga," anatero, "kumene unapitako mumaphunzira kuchiza misala, kapena kuitenga?"

Koma abakha anaphunzira, mwachangunso. Ndikangoti ngiri ngiri, ankabwera akuthamanga, makosi atasolola. Ndinasangalala kwambiri, osaganizira zoti nyumba yathu ili m'mbali mwa msewu, ndiponso kuti kabaza aliyense pa Chiponde ali ndi belu. Posakhalitsa njinga iliyonse yoliza belu inkaperekezedwa ndi mzere wa abakha. Wakabaza wina anafika pakhomo, kapusi ali m'manja, kudzafunsa amayi mwaulemu ngati abakhawo anachita kutumidwa kwa iye, ndipo ngati ndi choncho, walakwanji.

Lachisanu lina masana, azibambo ali ku mzikiti, panadutsa njinga yonyamula thumba la chimanga lobooka pansi. Mwini wake analiza belu, chimanga chikutayika m'mbuyo mwake. Abakha anaona kuti zimene ndinawaphunzitsa n'zoona. Anamutsatira mpaka pachipata, n'kudutsa kunsi kwa chitsulo chotchingira magalimoto, ulendo wa ku Mozambiki.

Ine ndinathamangira konko, belu lili m'manja. Ofesala wapachipata, bambo wamtali wolankhula Chichewa cha kumpoto, anandiimitsa.

"Chiphaso, achemwali."

"Ndikutsatira abakha, bwana."

"Ndawaona. Iwo sindinawafunse chifukwa sakanandiyankha. Inu mukhoza kuyankha."

Ndinawafotokozera zonse, za yunivesite, za katswiri uja, za agalu ndi dovu. Anamvetsera bwinobwino, kenako anafunsa, "Ndiye agaluwo ali kuti?"

"Anafa kalekale, bwana."

"Pepani kwambiri," anatero, n'kuvula chipewa. Koma chiphaso anachifunabe.

Apa ndi pamene anafika amalume, akadali mu mkanjo wawo woyera wa ku mzikiti. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana belu.

"Iwe, chinthucho wangochinyamulira chiyani? Liza uli mbali ino!"

Ndinaliza mpaka chala kuwawa. Patapita kanthawi tinaona fumbi. Abakha a amayi ankabwera akuthamanga, koma atachuluka, chifukwa ena a ku Mozambiki anangowatsatira osadziwa kumene akupita. Kumbuyo kwawo kunkabwera mayi wina, mwini wake wa abakha enawo, chitenje chili m'manja, akukalipa m'Chiyao chosakaniza ndi Chipwitikizi.

Kusiyanitsa abakha kunatenga masana onse. Mayi uja anaima mbali yake, amayi anga mbali ino, aliyense akuloza wake, ofesala akugwira mmodzimmodzi n'kumawolotsa. Bakha wathu wamphongo, wamkulu pa onse, anakana kubwerera. Anthu atamugwira anapulumuka n'kuthamangira kwa abakha aakazi a tsidya linalo. Mayi uja anaseka mpaka kukhala pansi, n'kulonjeza kuti abakha akewo akadzaswa ana, adzagawana ndi amayi. Anasungadi lonjezo, ndipo mpaka pano awiriwo amayenderana.

Belu amalume analanda tsiku lomwelo. Holide yonse yotsalayo, akabaza akamayandikira nyumba yathu ankatsika panjinga n'kumaikankha mwakachetechete, wokwera akuyenda pansi pambali pawo.